Mkono wa a Wezulo

Mukufunsa za chipsera chili pamphumi pa Mayi Simbi? Iii, inunso, mwangosamukira kumene pa mdadada uno koma mwayamba kale kuwerenga zipsera za anthu. Kokani mpando uwo mukhale. Koma mawu pang'onopang'ono, khoma ili ndi lopyapyala ngati pepala. Ine ndimamva ngakhale akamatsokomola, iwonso amamva zanga, ndiye palibe woseka mnzake.

Dzina loti Simbi si la makolo ayi. Ntchito yawo ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu, kuyambira kale ine ndisanabwere kuno. Simbi yawo ndi yamakala ija, yolemera ngati mwana woyamba kukwawa. Yamagetsi saifuna, amati imangosisita malaya ngati ikuwapepesa. Manja awo mwawaona? Zikhatho ngati mafosholo. Akakupatsani moni mumapita kunyumba mukuongola zala.

Amuna awo anali a Wezulo. Eya, omwewo, a sitalaka ya ku fakitale ya mabulangete. Nthawi imeneyo anthu ankagwira ntchito m'fumbi la thonje mpaka kulavula magazi, makina akudula zala, bwana n'kumati wodulidwayo ndiye wosasamala. Tsiku lina a Wezulo anakwera pa mgolo, n'kuliza wezulo, makina onse zii. Anthu anakhala pa geti osagwira ntchito. Mapeto ake kunabwera apolisi ndi mfuti, ndipo woyamba kugwa anali iwowo. Pali chithunzi chija chodziwika, ali pa mgolo, mkono wina m'mwamba, wina uli mu pulasitala, atauokoleka m'khosi ndi nsalu. Aliyense ankadziwa kuti mkono umenewo anauthyola ndi apolisi, powaopseza sitalaka isanayambe. Ngakhale ana osavala ankadziwa zimenezo.

Mayi Simbi anatsala ali ndi pakati. Kunabadwa mwana wamkazi, anthu n'kungomutcha Sitalaka, mpaka dzina lenileni linasowa. Mwanayo anakula akumva kulikonse kuti bambo ako anali mwamuna, bambo ako anatifera. Mayi ake akafunsidwa ankangoti, "Anali munthu wa anthu," basi n'kupitiriza kupemerera makala.

Sitalaka amaluka tsitsi, ali ndi manja abwino, ili m'mutu mwangali ndi lake. Anakwatiwa ndi a Makaniko a pa galaja ya kuseri kwa msika. Munthu waulemu mukakumana naye panjira, moni wake mpaka kuvula kapu. Koma kunyumba, mayi wanga ine! Ankakhala mdadada wachiwiri uwo, ndipo ine khutu langa silinama. Mbale zikuuluka, mutu ukugunda khoma, kenako wailesi n'kukwezedwa. M'mawa Sitalaka akutuluka atavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Mayi ake anamuuza kangapo ine ndikumva, "Mwana iwe, tenga zovala zako ubwere kuno, mphasa ilipo." Iye ankayankha kuti, "Mayi, inu munakhala ndi bambo mpaka imfa, pa mavuto onse aja. Ine ndithawe chifukwa cha mbama? Anthu adzati mwana wa a Wezulo ndi wamantha." Mayi Simbi ankangobwerera ku ntchito yawo, koma simbi imene inkatsikira pa thabwa tsiku limenelo, malaya a eni ake ankamva kuwawa.

Ndiye kunabwera anyamata a filimu, mathalauza ong'ambika m'mawondo dala, makamera m'khosi. Amati akupanga filimu ya moyo wa a Wezulo. Anakhala pakhonde pomwepa, akufunsa kuti amuna anu ankakonda chiyani, ankakuitanani dzina lanji lachikondi. Mayi Simbi anawapatsa tiyi n'kuwauza mawu awo omwe aja, "Anali munthu wa anthu." Anyamatawo anajambula simbi, anajambula chingwe cha zovala, n'kumapita. Zotsalazo anakadzaza okha.

Filimuyo itatuluka, a Kanema, eni ake a holo ya vidiyo, anakonza zoti aionetse Loweruka masana. Holo yake mukuidziwa, ya malata, makatani akuda, mabenchi ogwedera, mkati mukununkha thukuta ndi mapazi. Tsiku limenelo munadzaza mpaka ena kukhala pa mazenera. Kunabwera madala a ku fakitale atavala majekete a m'sutikesi, ena manja opanda zala zokwanira. Mtsogoleri wawo anali a Zala Zitatu, amene ankagwira makina amodzi ndi a Wezulo. Mayi Simbi anawaika kutsogolo ngati alendo olemekezeka, ine pambali pawo. Kumbuyo kwathu kunali Sitalaka ndi a Makaniko.

Filimu inayamba. Pa kanema panatulukira chimnyamata chachitali, uja amasewera ngati dokotala m'masewero a pa TV, mapewa ngati chitseko, mano mbee.

"Ameneyu ndani?" anatero Mayi Simbi.

"Amuna anu," ndinawanong'oneza.

"Amuna anga? Aneba, amuna anga ankakwera pa mgolo chifukwa akaima pansi sankaoneka. Mano ali psuu ndi fodya. Uyu akanabwera kwathu nthawi imeneyo bwenzi ndili ndi ana khumi."

Anthu apafupi anaseka, ngakhale a Zala Zitatu anabisa kukamwa. Kenako panabwera mkazi wake wa m'filimu. Abale inu! Kamtsikana kaja ka pa zikwangwani za mafuta odzola, kam'chiuno ngati mavu, zikhadabo zazitali zopenta.

"Ameneyu ndiye ine?"

"Ndinu, amayi."

"Zikhadabo zimenezo angafinye nazo bulangete? Taonani mmene wagwirira simbi, ngati kachikwama kopita nako ku ukwati. Iwe, malayawo apsa!"

Mpaka apo zinali zoseketsa. Koma kamtsikanako sikankalankhula m'filimu monse. Kankangoyang'ana pazenera, misozi ili mbwe, limba likulira chapansipansi. Ndinaona Mayi Simbi asiya kuseka, ayamba kupukuta zikhatho pa chitenje.

Ndiye panafika pamene a Wezulo a m'filimu abwera kunyumba atatopa, abwana atawatukwana. Mkazi akuwapatsa madzi, kapu n'kutayika pang'ono pa malaya. Chimnyamata chija chinatembenuka, mbama phaa! Kamtsikana kanagwa pansi. Limba lija n'kukwera. Kanadzuka, kanagwada, kanayamba kumuvula nsapato mwamunayo, n'kunena mawu ake oyamba m'filimu yonse: "Menyani ine, bambo, bola mtolo wa anthu upepuke."

Mukhulupirira kuti anthu anaomba m'manja? Amuna ena mpaka malikhweru. Kumbuyo kwathu ndinamva a Makaniko akuseka. Nditacheuka ndinaona atamugwira Sitalaka kumbuyo kwa khosi, zala zitalowa m'mnofu, akumugwedeza ngati mwana wa galu.

"Waona? Waona mayi ako mmene ankakhalira? Akazi enieni ndi amenewo. Osati iwe, kukhudzidwa pang'ono mpaka mdadada wonse udziwe."

Sitalaka anangowerama n'kuti, "Ndaona."

Mayi Simbi nawonso anacheuka. Anayang'ana zala zija pakhosi pa mwana wawo. Kenako anabwezera maso pa kanema.

Posakhalitsa panafika za mkono. Apolisi a m'filimu amugwira a Wezulo m'kanjira, amugoneka pansi, wina waponda dzanja, wina wakweza chibonga. Chibonga chisanatsike, Mayi Simbi anali ataima kale, atatchinga kanema yense ndi msana wawo.

"Zimitsani bodzali!"

"Khalani pansi, amayi, tikuonera!" wina anakuwa kumbuyo.

"Ndati zimitsani! Mkono umenewo palibe wapolisi anaukhudza. Ndinathyola ndine!"

A Kanema ndi mantha anadina batani, chithunzi chinaima chibonga chili m'mwamba. Mayi Simbi sankayang'ana gulu ayi, ankayang'ana mwana wawo.

"Ndinali ndi pakati pa iwe. Anabwera ataledzera, ukali wa ku fakitale atausenzera kunyumba monga mwa masiku onse. Anandimenya khutu ili, mpaka lero silimva. Ndinagwa. Anandiponda pamimba ndi jombo. Ndinakwawa mpaka pamene panali simbi, makala ali momwemo. Atakwezanso mwendo ndinaimirira, iye n'kutchinga nkhope ndi mkono. Ndinamenya kamodzi, fupa linalira kuti thyo! Sindinagwade. Sindinavule munthu nsapato ine. Ndinamuuza kuti ukadzandikhudzanso ndidzathyola winawo, ndipo sanandikhudzenso mpaka tsiku lomwe anamuombera."

"Bodza!" anakuwa a Zala Zitatu. "Mfiti iwe, ukunyoza maliro!"

"Pa geti anali mwamuna, zimenezo sindikana. Anakuferani. Koma mwamuna angakauze anzake kuti wathyoledwa ndi mkazi wapakati? Anati ndi apolisi, inu n'kupsa mtima, n'kutuluka nonse m'fakitale. Ine ndinatseka pakamwa zaka zonsezi chifukwa cha inu. Lero mwandipezera kachidole aka kuti kaphunzitse mwana wanga kufa mwaulemu?"

Botolo sindinalione likubwera. Ndinangomva kuti khwa, Mayi Simbi adzandira, magazi chuu kutsikira m'maso. Anaponya ndi a Zala Zitatu, ndi dzanja lawo labwinolo. Basi pamenepo holo inasanduka chipwirikiti. Azimayi ogulitsa kaunjika amene anali pa benchi lachitatu anawalumphira madala aja, wina anawavula jekete n'kuwakulunga nalo kumutu. Anyamata a kumbuyo, osadziwa n'komwe kuti ali mbali iti, anayamba kuponya mabenchi. Ine wina anandiponda phazi, ndinamubwezera chigongono m'nthiti, ndinazindikira mochedwa kuti ndi mkulu wa kwaya yathu. A Kanema anakumbatira TV yawo ngati mwana wodwala, akulira, "Abale, panja! Kamenyaneni panja!" Katani linagwa, kuwala kunalowa, aliyense n'kuona magazi ali pa malaya ake.

Pakati pa zonsezo Sitalaka anaima pamaso pa mayi ake. Ine ndinkati awapukuta magazi. Koma anati, "Mayi, mwandiphera bambo kachiwiri." A Makaniko anamukoka padzanja mpaka anapunthwa pakhomo.

Chipsera chija ndi chimenecho. Anawasoka ku chipatala, ine ndinawaperekeza.

Masiku otsatira anali oipa. Anthu anasiya kubweretsa zovala. Wina anadzapaka matope pa mashiti amene anali pachingwe. Ana akadutsa ankakuwa kuti "Othyola mikono!" n'kuthawa. Kudzera pakhomali ndinkamva simbi ikuyenda pa thabwa, uku ndikudziwa kuti m'nyumbamo mulibe chovala cha munthu choti asite. Ndinawapititsira tiyi tsiku lina, anandifunsa, "Aneba, ndinalakwa kulankhula?"

Ine pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Munalakwa kuchedwa."

Anagwedeza mutu. "Ndinkati ndikumusungira bambo. Ndimati mwana wamasiye akhale ndi chonyadira. Sindinadziwe kuti ndikumusungira chibakera."

Ku galaja nakonso zinthu sizinali bwino. Anzawo a Makaniko anawapeza poseketsa. Akangolowa, wina ankakoleka mkono m'khosi ndi chiguduli cha oyilo, n'kumati, "Bwana, musamale, apongozi anu sasita malaya okha." Munthu wamtundu umenewo akasekedwa kunja, wolipira amakhala wa kunyumba.

M'mawa wina ndikusesa pakhonde, ndinaona Sitalaka akubwera akugwira makoma. Nsapato imodzi. Diso lina litatsekeka, lili bii ngati biringanya, mlomo utang'ambika, mbali ina ya mutu tsitsi litazulidwa mpaka khungu kuoneka. Sanandipatse moni. Analowa kwa mayi ake, chitseko n'kutsekeka. Ine tsache ndinaliika pansi, n'kukakhala pafupi ndi khoma. Musandiyang'ane choncho, mukanakhala inu mukanatani?

Kwa nthawi ndithu ndinkangomva madzi akufinyidwa m'beseni. Kenako Sitalaka anati, "Mimba imene anaponda ija, ndinali ine?"

"Unali iwe."

"Ndiye mukanagwada ngati wa m'filimu uja…"

"Bwenzi kulibe wondifunsa mafunso lero. Tukula mutu ndipukute apa."

Kenako Sitalaka anati, "Mayi, ine manja anga ndi oluka tsitsi. Sindingathyole munthu."

"Ndani wakuuza kuti ukathyole munthu? Ine ndinathyola chifukwa ndinalibe kolowera. Iwe khomo ili ukulidziwa."

Dzuwa lili pamutu, a Makaniko anatulukira, ovololo ili yomanga m'chiuno, sipanala yaikulu m'manja. Moni wa kapu uja panalibe. Anamenya chitseko ndi phazi, loko n'kuthyoka. Ndinamva kukuwa, tebulo likugwa, kenako anatuluka akumukoka Sitalaka ndi tsitsi lotsalalo, mawondo akukhulika pa simenti.

"Ukufuna undichititse manyazi ngati mmene anachitira mayi ako? Tiye kunyumba!"

Mayi Simbi anawagwira kumbuyo, manja aja atazungulira pamimba, ndipo ndikukuuzani, mapazi a Makaniko anachoka pansi. Koma ukalamba ndi ukalamba. Mkamwiniyo anawabaya ndi chigongono pachifuwa, n'kuwakankha, mayi anakagwera pa mwala wochapira, khu! A Makaniko anamusiya Sitalaka, n'kutembenukira kwa apongozi awo, sipanala ili m'mwamba.

"Tione lero ngati muthyole wanga!"

Ine pafupi nane panali ndowa ya madzi a sopo. Ndinawakhuthulira a Makaniko kumaso yonse, ndowayo n'kuitsatiza. Anayamba kuzungulira akutikita m'maso, akutukwana amayi anga amene anagona kalekale, sipanala ikungomenya mphepo. Ikanandipeza bwenzi mukumva nkhaniyi kwa wina. Pamenepo Sitalaka anazula mtengo uja timachirikizira chingwe cha zovala. Woluka tsitsi yemweyo. Anawasesa nawo kumbuyo kwa mawondo, munthu anagwa chagada m'matope a sopo, mutu kugunda pansi. Sipanala inauluka. Sitalaka anaiponda ndi phazi lopanda nsapato lija, mtengo ali chigwirire, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

Mdadada wonse unali utatuluka. Ndipo mukudziwa amene anadzakhala pamsana pa a Makaniko kuti asadzuke? A Zala Zitatu. Anali atangofika, jekete lawo lija lili m'pepala, ati adzalisititse. Kupepesa kwa madala ndi kumeneko, pakamwa sipanena. Atakhala pamsanapo anayang'ana Mayi Simbi amene tinkawadzutsa, n'kuti, "Mlamu, tsiku limene ankati apolisi anamugwira lija, tinali naye ku mowa mpaka anatsanzika kuti akupita kunyumba. Tinkadziwa. Tonse tinkadziwa."

"Ndiye botolo lija linali la chiyani?"

"Linali loti musanene."

A Makaniko ataona kuti anthu achuluka, mawu anasintha. Waulemu uja anabwerera. "Mkazi wanga, tachimwa tonse. Zam'banja sitikambira pabwalo. Tiye kunyumba tikakambirane, ndakupepesa."

Apa ndiye ndinada nkhawa, chifukwa mawu amenewo ndinawamvapo kambirimbiri kudzera m'makoma, ndipo nthawi zonse ankagwira ntchito. Mayi Simbi anatsamira khoma. Anangogwira pachifuwa, maso ali pa mwana wawo. Sitalaka anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, ndi diso limodzi lotsegukalo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Anti, mundibwereke nsapato. Ndikupita ku polisi."

Ndinamupatsa zanga za ku tchalitchi, zinamukula, koma anayenda nazo choncho, phwa phwa phwa, ife tili pambuyo.

Apolisi anawasunga a Makaniko m'chitokosi masiku angapo, mlandu udakali ku khoti. Sabata yathayi kunabwera amalume awo ndi achimwene awo aakulu, atavala mataye, kudzapempha kuti nkhani ithere pakhomo. Sitalaka anawatulutsira mipando pakhonde, anawapatsa madzi akumwa. Amalumewo analankhula mpaka mthunzi unasuntha, za kukhululuka, za mbiri ya banja, za mmene mnyamatayo waondera. Mayi Simbi anali m'nyumba, sanatuluke n'komwe. Atamaliza, amalume anati, "Ndiye mwana wathu, ukuti bwanji?"

Sitalaka anati, "Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Ayi basi. Mundipatse mipandoyo, pali kasitomala akudikira kulukidwa."

Achimwene aja anali asanamalize n'komwe kuimirira pamene Sitalaka anawasolola mpando kumbuyo.